Asanadule Magetsi, Amve Kaye Mbali ya Munthu



1. Tikamakamba za ulamuliro wabwino, maganizo a ambiri amathamangira ku zisankho, ku Nyumba ya Malamulo ndi ku mipando ikuluikulu ya boma. Zimenezo n'zofunika ndithu, koma munthu wamba amakumana ndi boma pa malo ena. Amakumana nalo pa windo la ofesi, pa bilu imene yafika pakhomo, ndiponso pa tsiku limene antchito afika ndi makwerero kudzadula waya. Pamenepo ndi pamene zimadziwika ngati ulamuliro uli wotumikira anthu kapena wowapondereza. Lero tikupemphani kuti tilingalire limodzi funso ili: kodi amene ali ndi mphamvu yodula magetsi a munthu ali ndi udindo wotani kwa munthuyo asanagwire waya?

2. Funso limeneli linafikapo kale m'makhoti akuluakulu a mayiko ena, ndipo oweruza analiyankha atamva mbali zonse. Tikufotokozerani zigamulo zitatu. Ziwiri ndi za khoti la Suprimu la ku America, za mu 1978 ndi mu 1974. Chachitatu ndi cha khoti loona za malamulo oyendetsera dziko la South Africa, cha mu 2009. Pambuyo pake tiona zimene malamulo athu a Malawi amanena pa nkhani yomweyi, ndi zimene aliyense wa ife ayenera kuchita.

Chifukwa chake malonda a magetsi ali ndi oyang'anira

3. Wogulitsa tomato pamsika akakweza mtengo kapena akakulalatirani, mumangosuntha n'kukagula kwa mnzake wa pambali. Pa magetsi zimenezi sizitheka. Kumanga malo opangira magetsi, kuimika mapolo, kukoka mawaya ndi kuika mathiransifoma kumadya ndalama zochuluka, kotero kuti sipangakhale nzeru kumanga mizere iwiri ya mawaya mumsewu umodzi pofuna kuti anthu azisankha. Mapeto ake, pafupifupi paliponse pamakhala kampani imodzi yokha yofikitsa magetsi m'nyumba za anthu a dera limodzi.

4. Makolo athu anati khoswe wapamkhate sapheka, poti ukamuponya mwala uswa mkhate womwe. Kampani ya magetsi ili chimodzimodzi. Boma silingaitseke ngakhale italakwa, chifukwa zipatala, zigayo, masukulu ndi mapampu a madzi zingaime tsiku lomwelo. Kasitomala nayenso sangaithawe, chifukwa alibe kwina kopita. N'chifukwa chake mayiko amaika malamulo apadera ndi mabungwe oyang'anira makampani otere. Mfundo zake zimafanana m'mayiko ambiri: kampani itumikire anthu onse mosakondera, mtengo wa magetsi uvomerezedwe ndi bungwe loima palokha, ndipo munthu asadulidwe magetsi popanda chifukwa chomveka. Zigamulo zimene tikukamba zikukhudza mfundo yachitatuyi.

Mlandu wa ku Memphis

5. Mumzinda wa Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku America, magetsi, gasi ndi madzi zimaperekedwa ndi nthambi ya mzindawo yotchedwa Memphis Light, Gas and Water Division. Mu 1972 banja la a Craft linalowa m'nyumba imene kale inagawidwa pawiri kuti muzikhala mabanja awiri, motero inali ndi mamita awiri a magetsi ndi awiri a gasi. Chaka chotsatira banjalo linayamba kulandira mabilu awiri mwezi ndi mwezi. Linalemba amisiri kuti alumikize mamitawo, koma ntchitoyo sinalongosoke, ndipo mabilu awiriwo anapitirira kubwera mpaka mu Januwale 1974. M'nyengo imeneyi nthambiyo inawadulira kasanu chifukwa cha ngongole imene iwo ankaitsutsa.

6. Mayi wa m'banjamo anajomba kuntchito kangapo n'kupita ku maofesi a nthambiyo. Khoti limene linayamba kumva mlanduwo linapeza kuti mayiyo ankafunadi moona mtima kudziwa gwero la mabilu awiriwo, koma sanapeze yankho logwira mtima, ndipo palibe amene anamuuza za njira yokasiyira dandaulo lake. Kalata yochenjeza imene inkabwera kunyumba inkangonena kuti ngongole yapitirira nthawi, ndipo akapanda kulipira pofika tsiku lakuti adzadulidwa. Za kumene munthu wotsutsa bilu angapite, kalatayo inali chete.

7. Pa 1 Meyi 1978 khoti la Suprimu linagamula mokomera banjalo. Oweruza asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi anayi anagwirizana, ndipo amene analemba chigamulocho anali Lewis Powell. Anayamba ndi kuona malamulo a Tennessee, omwe salola kampani yotumikira anthu kudula kasitomala mmene yafunira, makamaka pamene pali mkangano weniweni pa bilu. Popeza lamulo limati munthu adulidwe pokhapokha pali chifukwa, ndiye kuti kulandira magetsi ndi chinthu chimene munthuyo ali nacho mwalamulo, monga alili katundu wake. Tsono malamulo oyendetsera dziko la America, m'gawo lowonjezera la nambala 14 lomwe linakhazikitsidwa mu 1868, amaletsa boma kulanda munthu moyo, ufulu kapena katundu popanda kutsata ndondomeko yachilungamo. Nthambi ya Memphis ndi ya boma la mzinda, choncho lamuloli linaimanga.

8. Khotilo linatchula zinthu ziwiri zoyenera kuchitika munthu asanadulidwe. Choyamba, kalata yochenjeza imuuze munthuyo kuti pali njira yotsutsira biluyo ngati akuona kuti ndi yolakwika. Chachiwiri, pakhale wantchito wodziwika amene ali ndi mphamvu younika bilu yotsutsidwa ndi kuikonza ikapezeka yolakwika, ndipo kasitomala apatsidwe mpata wokumana naye magetsi asanadulidwe. Oweruza sanafune bwalo la maloya ndi mboni. Anangofuna kuti pakhale munthu womva dandaulo amene angathenso kuchitapo kanthu, kusiyana ndi kalaliki wongolandira ndalama.

9. A nthambiyo ananena kuti wodandaula angathe kupita kukhoti, kapena kulipira kaye n'kudzaitanitsa ndalama zake pambuyo pake. Oweruza anakana maganizo amenewa pa zifukwa zimene ifenso tingazimve msanga. Anati magetsi, madzi ndi zotenthetsera nyumba ndi zofunika pa moyo wa masiku ano, ndipo kuzidula ngakhale kwa nthawi yochepa kungaike thanzi ndi moyo wa anthu pa chiswe. Anati mabilu owerengedwa ndi makompyuta amatha kulakwika. Anatinso ndalama zimene anthu amakanganirana pa bilu nthawi zambiri zimakhala zochepa moti munthu sangalembere loya. Kubweza ndalama pambuyo pake sikubweza usiku umene banja linagona mumdima.

10. Oweruza atatu, motsogozedwa ndi John Paul Stevens, sanagwirizane ndi anzawo. Iwo ankaona kuti mwininyumba safunika kuuzidwa mmene angadandaulire pa bilu yolakwika, ndipo njira zimene zinalipo kale zinali zokwanira. Maganizo amenewa si oseketsa, ndipo ambiri a m'maofesi amaganiza chomwecho. Koma amaiwala kuti amene amadziwa khomo loyenera kugogoda ndi ophunzira ndi odziwana ndi akuluakulu. Mayi wamasiye, wokalamba ndi wosadziwa kuwerenga amangozungulira pa mawindo mpaka atatopa. Tionenso kuti khotilo silinanene kuti anthu asamalipire, ndipo silinalande kampani mphamvu yodula okana kulipira. Linangoti mphamvuyo igwire ntchito munthu atamvedwa.

Malire a chigamulochi

11. Zaka zinayi m'mbuyo mwake, khoti lomwelo linaweruza mlandu wofanana nawo koma linafika pena. Mayi wina wa mumzinda wa York, m'chigawo cha Pennsylvania, anadulidwa magetsi ndi kampani ya Metropolitan Edison chifukwa cha ngongole, ndipo anadandaula kuti sanachenjezedwe mokwanira kapena kupatsidwa mpata wolankhula. Mu Disembala 1974, pa mlandu umene umadziwika ndi dzina la Jackson, oweruza asanu ndi mmodzi, kudzera mwa William Rehnquist, anagamula kuti kampaniyo ndi ya anthu wamba, si ya boma, choncho gawo la nambala 14 lija siliimanga, ngakhale kuti inali ndi chilolezo cha boma ndipo inali yokha m'deralo. Woweruza Thurgood Marshall anali mmodzi mwa atatu amene anatsutsa. Iye ankaona kuti boma likalola kampani imodzi kugulitsa yokha chinthu chofunika pa moyo, silingasambe m'manja pa zochita za kampaniyo.

12. Phunziro la milandu iwiriyi ndi lalikulu. Anthu awiri a dziko limodzi, onse odulidwa magetsi, mmodzi anatetezedwa ndipo wina ayi, kusiyana kwake kunali pa mwini kampani basi. Kumene kampani si ya boma, chitetezo cha kasitomala chimadalira malamulo a Nyumba ya Malamulo, malamulo a bungwe loyang'anira ndi mfundo zolembedwa m'chilolezo cha kampaniyo. Motero nthawi iliyonse pamene dziko likukambirana zopereka ntchito za magetsi kapena za madzi m'manja mwa makampani omwe si a boma, nzika zisamangofunsa za mtengo wogulitsira. Zifunsenso ngati ufulu wa kasitomala wochenjezedwa ndi womvedwa walembedwa momveka. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Mlandu wa ku Johannesburg

13. Tiyeni tsopano tibwere kufupi ndi kwathu. Abale athu ambiri amakhala m'nyumba za lendi mu Johannesburg, ndipo chigamulo chachitatuchi chikukhudza anthu a lendi. M'dera la Ennerdale muli nyumba yosanja yotchedwa Ennerdale Mansions. Okhala mmenemo ankalipira za magetsi kwa mwininyumba, ndipo mwininyumbayo ndi amene anali ndi mgwirizano ndi City Power, kampani ya magetsi ya khonsolo ya mzindawo. Ngongole ya mwininyumbayo inakwera kufika pafupifupi marandi 400,000. Mu Julaye 2008 City Power inadula magetsi a nyumba yonse popanda kuwauza kanthu anthu a lendiwo.

14. Anthuwo anakadandaula kukhoti lalikulu la mu Johannesburg, koma analuza. Mfundo imene inawagonjetsa inali yakuti iwo si makasitomala a City Power, popeza sanasainirane nayo pangano lililonse, choncho akathane ndi mwininyumba wawo. Anakhala opanda magetsi kopitirira chaka. Sanagwe ulesi, ndipo anakafika kukhoti loona za malamulo oyendetsera dziko, lomwe pa 9 Okutobala 2009 linapereka chigamulo chimene chimadziwika ndi dzina la Joseph. Oweruza onse anagwirizana, ndipo amene analemba anali Thembile Skweyiya.

15. Khotilo linati ubale wa khonsolo ndi anthu ake sufanana ndi wa wogulitsa ndi wogula. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa amapatsa makhonsolo udindo wopereka zofunika pa moyo kwa anthu okhala m'madera awo, ndipo magetsi ndi chimodzi mwa zofunikazo. City Power inkadziwa kuti magetsi ake akugwiritsidwa ntchito ndi mabanja a lendi, choncho sikanatha kubisala kumbuyo kwa pangano lake ndi mwininyumba. Popeza kudulako kunakhudza ufulu wa anthuwo, iwo anayenera kuchitiridwa chilungamo molingana ndi lamulo la mu 2000 loona za chilungamo pa ntchito za maofesi a boma.

16. Khotilo linalamula kuti anthu okhala m'nyumba yotere azipatsidwa chenjezo la masiku osachepera 14 magetsi asanadulidwe, ndipo linati ndi kokwanira kumata chenjezolo pa malo oonekera m'nyumbamo. Chenjezolo linene tsiku lodula, chifukwa chake, ndi kumene anthu angakapereke mbali yawo. Linagamula kuti kudula kuja kunali kosemphana ndi malamulo, ndipo linalamula kuti magetsi abwezeretsedwe. Linafafanizanso m'malamulo a khonsoloyo mawu amene ankalola kudula popanda chenjezo. Masiku 14 si ambiri, koma amakwanira kuti anthu akumane, afunse mwininyumba kumene ndalama zawo zinapita, kapena apemphe kuti azilipira okha kukampani.

Nanga kwathu kuno?

17. Zigamulo za makhoti a kunja sizimanga makhoti a Malawi. Komabe gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko lathu limauza makhoti kuti potanthauzira malamulowo aziganiziranso zigamulo za mayiko ena pa milandu yofanana, pamene kuli koyenera kutero. Ndipo mfundo imene oweruza a ku America ndi a ku South Africa anaimapo ilimo kale m'malamulo athu. Gawo 43 limapatsa munthu aliyense ufulu woti maofesi amuchitire zinthu motsata malamulo ndi ndondomeko yachilungamo pamene ufulu wake kapena zofuna zake zikukhudzidwa, ndiponso ufulu wopatsidwa zifukwa zolembedwa. Gawo 12 limatikumbutsa kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo onse a maudindo anangosungitsidwa mphamvuzo kuti atumikire eni ake.

18. Mfundo imeneyi si yachilendo pa chikhalidwe chathu. Pabwalo la mfumu, wodandaula akamaliza kulankhula, woimbidwa mlandu amaitanidwa kuti anenepo zake, ndipo mfumu imene ingagamule itangomva mbali imodzi imataya ulemu pamudzi. Ngakhale wopalamula wodziwika amafunsidwa kaye. Ngati makolo athu ankachita zimenezi pa mlandu wa mbuzi imene yadya chimanga cha mwini, kuli bwanji pa magetsi amene akusunga mankhwala a wodwala m'firiji, kapena amene akuyendetsa makina osokera a mayi amene akulera ana amasiye?

19. Dziko lathu lili ndi malamulo ndi mabungwe oyang'anira magetsi. Mu 2004 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a za mphamvu, ndipo m'malamulo amenewa munatuluka bungwe la MERA, lomwe limapereka zilolezo, limavomereza mitengo ya magetsi ndiponso limalandira madandaulo a makasitomala. Lamulo la magetsi litakonzedwanso mu 2016, ntchito yopanga magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, komanso ku Wovwe m'boma la Karonga, inapita ku kampani ya EGENCO kuyambira mu 2017, ndipo ESCOM inatsala ndi ntchito yofikitsa magetsiwo kwa anthu. Makampani awiriwa ndi a boma, kutanthauza kuti eni ake ndi Amalawi. Palinso makampani omwe si a boma amene akupanga magetsi a dzuwa, monga ku Salima ndi ku Golomoti.

20. Kumva anthu kumafunikanso pokonza mitengo. ESCOM ikafuna kusintha mtengo waukulu wa magetsi imapempha ku MERA, ndipo MERA imaitana anthu kuti anenepo maganizo awo isanagamule. Mu 2018 ESCOM inapempha kukweza ndi 60 peresenti pa zaka zinayi, ndipo MERA inavomereza 31.8 peresenti. Izi zikuonetsa kuti bungwe loyang'anira lingathe kuima pakati pa kampani ndi anthu. Koma misonkhano yotere ikamadzaza ndi akuluakulu a makampani okha, mawu a woyendetsa chigayo, wowotcherera zitsulo ndi wometa tsitsi samveka. Mpando umene tausiya wopanda munthu, wina amaukhala.

21. Wina angati nkhani yodula magetsi inatha, popeza ambiri tsopano ali ndi mamita olipiriratu, ndipo mayunitsi akatha magetsi amazima okha. Zoonadi, mita yotere sichenjeza ndi kalata. Koma mikangano sinathe. Ilipo pamene munthu akuganiziridwa kuti anasokoneza mita ndipo wapatsidwa chindapusa. Ilipo pamene mita yawonongeka, pamene ngongole yakale ikukanidwa, ndi pamene munthu analipira kalekale kuti amulumikizire magetsi koma akudikirabe. Ilipo m'nyumba za lendi mmene mabanja angapo amadalira mita imodzi ya mwininyumba. Ilipo pa mabilu a madzi. Pa zonsezi funso ndi lomwe lija la ku Memphis: kodi munthuyo wauzidwa chifukwa, ndipo kodi pali wina wa mphamvu amene amumva?

22. Tisiyanitse kudula munthu mmodzi ndi kuzimazima kwa magetsi kobwera chifukwa cha kuperewera kwake. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anawononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka. Palibe khoti limene lingalamule magetsi omwe kulibe kuti ayake. Koma ngakhale pa nthawi yotere udindo wouza anthu zoona sutha. Ndondomeko ya kuzimazima ilengezedwe nthawi ilipo, itsatidwe monga yalengezedwera, ndipo mdima ugawidwe mwachilungamo pakati pa madera a olemera ndi a osauka.

23. Wina angatinso iyi ndi nkhani ya anthu a m'tauni, popeza kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndi amene ankaunikira nyumba zawo ndi magetsi. Koma wakumudzi amene alibe waya pakhomo pake amadalira magetsi a pachigayo, a pachipatala pomwe pamasungidwa katemera ndi pomwe amayi amachirira usiku, ndi a pasukulu pomwe ana ake amawerengera. Kuwonjezera apo, ofesi imene yazolowera kumva munthu isanamulange pa nkhani ya magetsi imaphunzitsa maofesi ena kuchita chimodzimodzi pa nkhani ya malo, ya misika ndi ya penshoni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zimene tikupempha

24. Kwa makampani a magetsi ndi mabungwe a madzi: kalata iliyonse yochenjeza kapena yolipitsa chindapusa ilembedwe m'chilankhulo chimene wolandira amamva, itchule chifukwa, ipereke masiku okwanira, ndipo inene ofesi ndi udindo wa munthu amene angamve dandaulo. Munthu ameneyo akhale ndi mphamvu yeniyeni yoimitsa kudula mpaka nkhani itaunikidwa. Pa nyumba imene mukukhala mabanja a lendi, chenjezo lifike kwa iwonso. Tikudziwa kuti pamene pali ngozi ya moto kapena waya woika moyo pa chiswe, kudula msanga n'koyenera. Koma ngakhale pamenepo zifukwa zolembedwa zitsatire mosachedwa.

25. Kwa bungwe la MERA: mphamvu yanu yagona pa kuima panokha. Amene amakusankhani asakhale okuuzani chogamula, ndipo makampani amene mumawayang'anira asakhale okudyetsani. Misonkhano yomva maganizo a anthu ifike m'maboma, ichitike m'zilankhulo za anthu, ndipo zigamulo zanu zituluke pamodzi ndi zifukwa zake. Malonjezo amene kampani imapanga popempha kukweza mitengo, monga kulumikiza anthu msanga ndi kukonza zowonongeka pa nthawi yake, muziwalondola ndi kuuza mtundu ngati akwaniritsidwa.

26. Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo: phunziro la mlandu wa Jackson ndi lanu. Onetsetsani kuti ufulu wochenjezedwa, womvedwa ndi wopatsidwa zifukwa walembedwa m'malamulo momanga aliyense wogulitsa magetsi kwa anthu, kaya ndi wa boma kaya ayi. Kwa eni nyumba za lendi: ndalama imene mwalandira kwa mlendi wanu kuti ndi ya magetsi kapena ya madzi si yanu. Kuidya n'kumusiya mnzanu mumdima ndi kuba. Kudulira munthu magetsi pofuna kumuthamangitsa m'nyumba ndi kudzigamulira mlandu wekha.

27. Kwa ife tonse: ufulu umayenda ndi udindo. Tizilipira zimene tagwiritsa ntchito. Wolumikiza magetsi mwachinyengo, wosokoneza mita, woba mafuta a m'thiransifoma ndi wodula mawaya kukagulitsa amalanga anansi ake, pakuti zotayikazo zimabwerera pa mtengo umene tonse timalipira, ndipo chipatala chimene chatsala mumdima ndi chathu chomwe. Tisapereke chiphuphu kuti atilumikizire msanga kapena kuti asatidule. Chiphuphu chimasandutsa ufulu wa onse kukhala malonda a ochepa, ndipo wosauka amene alibe chopereka amakankhidwira kumapeto kwa mzere.

28. Mukalandira bilu kapena chindapusa chimene simukugwirizana nacho, musangong'ung'udza pakhonde. Sungani malisiti ndi makalata onse. Lembani dandaulo lanu, musunge kope lake, ndipo mupemphe yankho lolembedwa monga gawo 43 likulolerani. Kampani ikapanda kukuthandizani, pitani ku MERA. Palinso ofesi ya Ombudsman, yomwe imafufuza madandaulo a anthu amene sanachitiridwe chilungamo, ndi bungwe la Legal Aid Bureau lothandiza osowa ndalama zolembera loya. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndipo popeza chala chimodzi sichiswa nsabwe, odziwa kulemba athandize osadziwa, ndipo a vuto limodzi apite limodzi, monga anachitira anthu a lendi a ku Ennerdale.

Mafunso oti tikambirane m'miphakati

29. Kodi m'dera lathu alipo amene anadulidwa magetsi kapena madzi osauzidwa chifukwa, ndipo tinamuthandiza bwanji? Kodi tikudziwa kumene tingakasiye dandaulo, ndipo ndani pakati pathu angaperekeze okalamba ndi olumala? Kodi ife amene tili ndi nyumba za lendi timaonetsa alendi athu malisiti a ndalama zimene amatipatsa? Kodi timatani tikaona wina akuwononga thiransifoma kapena akulumikiza magetsi mwachinyengo? Kodi pa ntchito zathu, ife amene tili ndi mphamvu yolanga kapena yomana ena thandizo, timayamba tawamva?

Mawu otsiriza

30. Banja la ku Memphis linadikira zaka zingapo, ndipo anthu a ku Ennerdale anakhala mumdima kopitirira chaka, kuti khoti linene chinthu chimene ofesi ikanatha kuchita pa tsiku limodzi: kumuuza munthu chifukwa ndi kumumvetsera. Dziko lathu lisadikire kuti wosauka akafike kukhoti la Suprimu ku Blantyre kuti alandire zimene gawo 43 linamupatsa kale mu 1994. Amene mwapatsidwa makwerero ndi mpeni wodulira waya, amene mwapatsidwa chidindo ndi cholembera, kumbukirani kuti kuseri kwa nambala ya mita kuli banja. Limveni kaye.

Mtendere ukhale nanu nonse.